Mtsutso: Kodi kiyibodi ya laputopu ipitirire kupyapyala?

Pansi pa batani lililonse la laputopu pali kamakina kamene ambiri mwa ife sitinakaonepo, ngakhale timakadinda tsiku ndi tsiku. Wokonza makompyuta akatumphula batani limodzi, mumaona timiyendo tiwiri ta pulasitiki topingasana ngati miyendo ya mpando wa ndalema, ndipo pakati pake pali kachikho ka labala kozondotsa. Chala chikadinda, timiyendo timagona, kachikho kamafinyika n'kukanikiza timapepala ta pulasitiki tokhala ndi tinjira ta magetsi. Tinjirato tikakhudzana, chilembo chimatuluka pa sikirini. Chala chikachoka, labala uja amadzuka n'kubwezera batani m'mwamba. Ntchito ya timiyendo ndi kuonetsetsa kuti batani likutsika mowongoka, lisapendeke ngakhale mwalidinda pangodya. Opanga amakatcha kamakina ka sizasi.

Mkangano wonse wagona pa mtunda umene batani limatsika. Pa kiyibodi ya kompyuta ya patebulo, batani limatsika mamilimita pafupifupi 4. Malaputopu akale a ThinkPad ankatsika mamilimita 2.5. Ambiri a masiku ano ali pakati pa 1 ndi 1.5, ndipo kampani ya Apple inafika potsitsa mtundawu mpaka pakati pa 0.5 ndi 0.7. Chaka ndi chaka akatswiri amapala pang'ono kuti laputopu yonse ikhale yopyapyala ndi yopepuka.

Wina angati imeneyi ndi nkhani ya akatswiri a ku California ndi ku Shenzhen, ife a kwa Njewa sikutikhudza. Ikutikhudza ndithu. Laputopu imene akuikonza kumeneko lero ndi yomwe idzafike pa Mpingu zaka 5 kapena 7 zikubwerazi, itagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya, ku Dubai kapena ku Joni. Ambiri a ife timagula za kaunjika. Mphunzitsi wa ku Nsaru, mlangizi wa zaulimi kwa Kabudula, mlembi wa parishi ku Nambuma, wophunzira pa Namitete Technical College, mnyamata wotayipira anthu makalata pa Njewa, onsewa amalandira zimene ena anasankha kalekale popanda kuwafunsa. N'chifukwa chake ndi bwino kuti mbali zonse ziwiri tizimve, tidziwe chimene tikugula.

Ovomereza kupyapyala amayambira pa msana. Amati amene amanyoza laputopu yopepuka sanaiberekepo yolemera. Mlangizi amene akupalasa njinga kuchoka pa ofesi kupita ku kalabu ya alimi amakhala atanyamula laputopu, chaja, mafayilo ndi botolo la madzi, dzuwa lili paliwombo. ThinkPad T420 ya 2011, yomwe idakali yambiri m'manja mwa anthu kuno, imapitirira makilogalamu 2 musanawerengere chaja chake. MacBook imene Apple inatulutsa mu 2015 inali ya makilogalamu 0.92, ndipo pochindikala pake panali mamilimita 13.1. Kusiyana kumeneku munthu amakumva m'mapewa madzulo. Palinso china chimene woyenda pa minibasi amachidziwa bwino. Laputopu yopyapyala imalowa pakati pa mabuku m'chikwama wamba, wina osadziwa kuti mwanyamula chuma. Yochindikala imafuna chikwama chakechake, ndipo chikwamacho chimaitana maso a akuba pa depoti.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyambayo, ndipo ndi ya magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Munthu wa m'mudzi amatchajitsa pa sitolo n'kulipira, kapena amadalira sola yaing'ono imene imatha mphamvu kukachita mitambo. M'kati mwa laputopu malo ndi ochepa, choncho milimita iliyonse imene yachotsedwa ku kiyibodi ikhoza kuperekedwa kwa batire. Ovomerezawa amaloza MacBook Air ya November 2020, imene Apple inati batire lake limafika maola 18 poonera kanema, ndiponso ilibe kafani m'kati. Aliyense amene anaonapo wokonza akutsegula laputopu yakale amadziwa zimene amapeza pa kafani: chiguduli cha fumbi ndi ubweya chimene chatseka potulukira mpweya, makina n'kumatentha mpaka kuzima okha. Laputopu yopanda kafani sikoka fumbi limeneli. Ndiye kwa iwo, njira ya kupyapyala ndi imene ikutifikitsa ku makina oyenera dera la fumbi ndi lopanda magetsi.

Amapitiriza kunena kuti zala zimazolowera. Ana a lero akulira pa galasi la foni, pomwe palibe batani lotsika ngakhale pang'ono, koma amalemba mothamanga kuposa akuluakulu. Amakumbutsanso kuti ntchito zambiri zachoka kale pa kiyibodi. Bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ongokhudza pa sikirini m'chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, kuti namwino amene sanaphunzire kutayipa athe kulembetsa odwala ndi chala chimodzi. Kalembera wa 2018 uja anawerenga anthu ndi matabuleti. Ngati dziko likulowera uko, n'kulimbikiranji mabatani akuya?

Pomaliza amati kulakwitsa kwa kampani imodzi kusatsekere njira ena onse. Mu 2021 kampani ya ku Germany ya Cherry inatulutsa kamakina kachitsulo kotalika mamilimita 3.5 okha, koma batani lake n'kumatsika mamilimita 1.8, ndipo kanayamba kuikidwa m'malaputopu a Alienware. Kupyapyala ndi kulimba zikhoza kuyendera limodzi, bola akatswiri apatsidwe mpata.

Kulakwitsa kumene akutchulaku ndiye poyambira otsutsa, ndipo nkhani yake ndi yofunika kuifotokoza bwino, chifukwa makina ake ndi amene akugulitsidwa m'mashopu a kaunjika panopa. Mu 2015 Apple inasiya kamakina ka sizasi pa MacBook yatsopano n'kuika kena kamene inakatcha gulugufe. M'malo mwa timiyendo topingasana, inaika timapiko tiwiri tolumikizana pakati, ndipo m'malo mwa kachikho ka labala inaika kachitsulo kopyapyala kotukuka. Kampaniyo inati kamakinaka n'kopyapyala ndi 40 peresenti kuposa ka sizasi, komanso batani limatsika mofanana paliponse pamene mwadinda. Zimenezi zinali zoona. Mu 2016 inakaikanso pa MacBook Pro, kenako mu 2018 pa MacBook Air.

Vuto linali mpata. Pansi pa batani la sizasi lotsika mamilimita 2, kamchenga kakalowa kamapeza pobisala, batani n'kumagwirabe ntchito. Pansi pa batani lotsika theka la milimita, kamchenga komweko kamadzaza mpata wonse. Batani limauma, kapena limalemba chilembo kawiri, kapena sililemba n'komwe. Mu October 2017 mtolankhani Casey Johnston analemba za laputopu yake imene inkabwerera kokonzetsa mobwerezabwereza chifukwa cha batani lodumphira mawu, ndipo anthu ambirimbiri anatulukira kunena kuti nawonso akuvutika chimodzimodzi. Malangizo a Apple anali akuti mupendeketse laputopu pa madigiri 75 n'kupopera mpweya wa m'chitini pakati pa mabatani. Mu June 2018 kampaniyo inayamba kukonza makiyibodiwa mwaulere. Mwezi wotsatira inaika kansalu ka silikoni pansi pa mabatani, kamene akatswiri a iFixit anakapeza atatsegula makinawo. Sizinathe. Mu March 2019 Joanna Stern wa nyuzipepala ya Wall Street Journal anasindikiza nkhani yosowa zilembo e ndi r, monga mmene laputopu yake inkalembera, ndipo Apple inapepesa. Mu November 2019 inabwerera ku sizasi, batani lotsika milimita 1, ndipo pofika mu May 2020 gulugufe anali atachoka pa malaputopu ake onse atsopano. Mu 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni kwa ogula a ku America amene anaisumira.

Otsutsa amati tsopano taganizani kumene zimenezi zinachitikira. Munali m'maofesi otsekeka bwino, a mawindo agalasi, mosesedwa ndi makina. Fananizani ndi kuno mu October, mphepo ikamaulutsa dothi la m'minda yolimidwa, galimoto iliyonse yodutsa pa msewu wa fumbi n'kusiya mtambo umene umalowa pawindo n'kutera pa tebulo. Onjezerani ufa wa choko m'chipinda cha aphunzitsi, gaga ndi mungu wa chimanga nyengo yotonola, zinyenyeswa za fodya posankha masamba, ndi nyerere zimene zimatsata kadontho ka tiyi. Chitini cha mpweya mukachipeza kuti pa Nsaru? Kiyibodi imene inagonja ndi kanyenyeswa ka buledi ku New York siingathe chilimwe chimodzi kwa Kabudula.

Koma kuwonongeka pakokha si kumene kumawawa, pakuti chilichonse chimawonongeka. Chowawa ndi mmene anaimangira. Pofuna kusunga malo, kiyibodi ya gulugufe anaikhomera ku chivundikiro chapamwamba ndi timisomali tosamasuka tambirimbiri, ndipo batire analimata ndi guluu pa chivundikiro chomwecho. Batani limodzi likafa, nthawi zambiri ankasintha chivundikiro chonse pamodzi ndi batire, ntchito imene ku America inkafika madola 700 kwa amene chitsimikizo chake chinatha. Yerekezani ndi ThinkPad kapena Dell Latitude yakale. Mnyamata wa ku Malangalanga amamasula masikuluu ochepa pansi, amakankha kiyibodi, amasolola kalamba kake kamodzi, n'kuikapo ina imene wachotsa pa laputopu yakufa. Inu mwakhala pabenchi mukudikira, ndipo mumabwerera ku Namitete tsiku lomwelo makina ali bwino. Pano tisaimbe mlandu Apple yokha. Malaputopu opyapyala ambiri otsika mtengo a makampani ena ali ndi kiyibodi yolowetsedwa kuchokera pansi, yomatidwa ndi timitu ta pulasitiki wosungunula. Kuti muifikire muyenera kutulutsa batire, kafani ndi bolodi lalikulu, kenako kudula timituto n'kumatanso ndi guluu. Wokonza wanzeru amakana ntchito yotere, kapena amatchula mtengo woboola m'thumba, chifukwa akudziwa kuti polakwika kamodzi aphetsa makina a mwini.

Ndipo kukonza kwaulere kuja kunali kwa zaka 4 kuchokera tsiku limene laputopu inagulidwa koyamba. Zakazo zinatha. Madola 50 miliyoni aja anagawana a ku America. Makina okhawo ndi amene akuwoloka nyanja, akunyezimira ngati atsopano, kudzafika kwa munthu amene kwacha yake inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chipangizo chilichonse chochokera kunja amachilipira ndi thukuta.

Mukafuna kuona kulemera kwa batani limodzi, taonani laputopu ya munthu amene amalemba Chichewa. Batani la A ndi limene limayamba kufufutika, n'kumaoneka losalala ndi lonyezimira pakati, chifukwa ziganizo zathu zambiri sizitha popanda chilembo chimenechi kubwera kangapo. Likafa kumapeto kwa temu, mphunzitsi ali ndi mapepala a mayeso oti atayipe, amachita zimene ambiri tinaonapo: amafufuza a m'kalata yakale, amamukopa, ndipo mawu aliwonse akafuna a amadinda mabatani awiri omatira. Ntchito ya ola limodzi imatenga madzulo onse, batire likutsika. Wina amagula kiyibodi ya waya n'kuilumikiza pambali. Imagwira bwino ndithu, koma tsopano chikwama chija chanyamula laputopu yopyapyala ndi kiyibodi yaitali yosalowa n'komwe, ndipo kupepuka kumene analipira kwapita.

Otsutsa ali ndi chitsanzo cha konkuno chimene amachikonda. Mu 2008 wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anafika pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi laputopu imodzi yopatsidwa ndi mafoni akale 100. Anaikamo pulogalamu ya FrontlineSMS, mafoni n'kugawira anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi. M'malo moyenda mitunda italiitali kudzanena kuti wodwala wakutiwakuti wafooka kapena mankhwala atha, ankatumiza uthenga, ndipo ogwira ntchito pachipatala ankayankha kuchokera pa laputopu ija. Ntchito imeneyi ndi imene inabala bungwe la Medic Mobile, limene linafalikira m'maiko ambiri. Pa laputopu yotere, imene midzi yonse ikudalira, palibe amene amafunsa kuti ikulemera magalamu angati kapena ndi yopyapyala bwanji. Funso ndi lakuti kodi mawa m'mawa idzalemba, ndipo ikakana, angaikonze ndani, kuti, ndi ndalama zingati. Makina ambiri a m'dera lino ali choncho. Ndi imodzi pa sukulu, imodzi pa kopaletivu, imodzi pa banja lonse, ndipo ikagona palibe ina yolowa m'malo.

Za zala amayankha mwachidule. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wina, lipoti la masamba 30 ndi lina. Wofufuza wa pa Chitedze amene akulowetsa manambala a zokolola tsiku lonse, kapena wophunzira amene akulemba ntchito yake yomaliza, amadalira kuti chala chimve batani likugonja kuti adziwe kuti chilembo chalowa osayang'ana pansi. Batani likakhala losatsika, chala chimamenya pouma, ndipo ambiri olemba nthawi yaitali amadandaula kuti zala zimatopa msanga ndi kulakwitsa kumachuluka.

Nditamva mbali zonse, ndikuona kuti mfundo yaikulu ya ovomereza, ya batire, yaikidwa pa khomo lolakwika. MacBook Air ya 2020 imene amaitama ija ili ndi kiyibodi ya sizasi, osati ya gulugufe. Maola 18 aja anachokera ku purosesa yatsopano ya M1, imene imadya magetsi ochepa ndipo sitentha kwambiri, n'chifukwa chake kafani sikanafunike. Kiyibodi sinathandizepo kanthu pamenepo. Komanso taonani zimene zinapindulidwa pa zaka zonse za mavuto zija. MacBook Pro yaikulu ya gulugufe inali yochindikala mamilimita 15.5. Imene inalowa m'malo mwake mu November 2019, ya sizasi ndi batire lokulirapo, inali 16.2. Kusiyana kwake sikukwana milimita imodzi. Palibe phewa la munthu limene lingamve zimenezi, ndipo palibe chikwama chimene chingakane kutseka chifukwa cha 0.7. Pa kachidutswa kameneka anthu anataya masiku a ntchito ndi ndalama zambiri. Apa otsutsa apambana poyera.

Komabe sindingagwirizane nawo akamalankhula ngati kuti mankhwala ndi kubwerera ku makina a 2011. Makina amenewo akukalamba. Mabatire ake ambiri anafa, ndipo olowa m'malo amene amapezeka sachedwa kufooka. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu akale aja sali pa mndandanda wa oyenera Windows 11. Alipo amene adzawapititsa patsogolo ndi Linux, ndipo akuchita bwino, koma si mphunzitsi aliyense amene ali ndi womuikira. Tifune tisafune, kaunjika wa zaka zikubwerazi adzakhala wa makina opyapyala. Ndiponso kutchinga fumbi pakokha sikukwanira. Laputopu ya ana ya XO, ya bungwe la One Laptop per Child, imene inatuluka mu 2007 ndipo dziko la Rwanda linagawa yambiri m'masukulu, inali ndi kiyibodi ya labala mmodzi wotsekeratu, yosalowa fumbi kapena madzi. Koma inali yovuta kulembapo mwachangu, ndipo labalayo ankang'ambika ana akamaitola ndi zikhadabo. Amene anaikonza anaganiza za fumbi n'kuiwala zala.

Choncho kwa ine funso la mamilimita likubwera pambuyo. Loyamba ndi lakuti kiyibodi imachoka bwanji. Kiyibodi ndi gawo la laputopu limene limakhudzidwa kwambiri kuposa lina lililonse, limalandira thukuta, fumbi ndi tiyi, ndipo lidzatha makina ena onse adakali amoyo. Gawo lotere kulimata kuti lisachoke ndi kulakwira wogula wachiwiri ndi wachitatu, amene ndi ife. Ndipo sizoona kuti kupyapyala kumakakamiza opanga kutero. Laputopu ya Framework, imene inatuluka mu 2021, ndi yochindikala mamilimita osakwana 16, imalemera makilogalamu 1.3, batani lake limatsika mamilimita 1.5, ndipo m'bokosi lake amaikamo sikuludilaiva kuti mwini atsegule yekha. Mtengo wake si wa mphunzitsi wa ku Nsaru, koma yaonetsa kuti n'zotheka. Dziko la France kuyambira January 2021 limalamula kuti laputopu iliyonse yogulitsidwa ikhale ndi malikisi, kuyambira 0 mpaka 10, osonyeza kuphweka kwa kuikonza. Lamulo lotere limatithandiza ngakhale tili kutali, pakuti makina amene akupangidwa molimvera ndi amene adzatipeze mawa.

Chigamulo changa n'chakuti opanga apitirize kupepula laputopu, koma kiyibodi aisiye pamene yafika. Batani lotsika mamilimita 1.3 mpaka 1.5, la sizasi, lotheka kutumphula ndi kubwezera limodzilimodzi, pa kiyibodi yomangidwa ndi masikuluu, ndi lokwanira wolemba ndipo limasiya mpata wa kamchenga. Kuchepetsa mtundawu kuposa apo ndi kukondweretsa maso a m'sitolo, wogwiritsa ntchito n'kumalira pambuyo.

Ife tilibe mawu m'mafakitale, koma tili nawo pogula. Mabungwe, mipingo ndi maofesi a boma amene amagulira kapena kulandirira masukulu ndi zipatala makina ambiri nthawi imodzi, alembe m'zofunika zawo kuti kiyibodi ikhale yochotseka ndi sikuludilaiva, ndipo pa malaputopu 20 alionse pabwere makiyibodi angapo apadera. Agule mtundu umodzi, kuti wina ukafa upereke ziwalo kwa anzake. Masukulu a ntchito zamanja, kuyambira pa Namitete pomwe, aphunzitse achinyamata kutsegula makina opyapyalawa, kuti munthu wa ku Nambuma asamawononge tsiku ndi ndalama ya minibasi chifukwa cha batani limodzi.

Ndipo inu amene mwasunga ndalama za fodya kapena za mtedza kuti mugulire mwana laputopu, musathamangire kunyezimira. Tsegulani pepala lolembapo, mudinde batani lililonse kangapo, pakati ndi pangodya, muone ngati chilembo chikubwera kamodzi kokha. Mufunse wogulitsa kuti akuonetseni masikuluu a kiyibodi, ndipo musanalipire mukafunse wokonza ngati ali nayo ina ya mtundu umenewo ndi mtengo wake. MacBook yaing'ono ya 2015 mpaka 2017, MacBook Pro ya 2016 mpaka 2019 kupatula yaikulu ya mainchesi 16, ndi MacBook Air ya 2018 ndi 2019, zonsezi ndi za gulugufe. Zisiyeni pashelefu ngakhale atakutsitsirani mtengo. Imene mwagulayo muziitseka mukamaliza ntchito, muziifunditsa kansalu, muziipukuta ndi kaburashi kouma, ndipo kapu ya tiyi izikhala patebulo lina.